Mafosholo a Sisi Eneresi

Ndinadzuka kusanache, basi yoyamba isanadutse pansi pa zenera lathu ku Tottenham. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma pabalaza pomwe tinachezera siwa. Tinalipo asanu ndi atatu: amalume ochokera ku Croydon, akazi awo, abusa, amayi anayi a kutchalitchi, ndi ine. Ndinawerenga kawiri konse ngati kuti wina angatulukire kuseri kwa sofa. Nyimbo zinkayamba bwino koma zinkafera m'njira, poti panalibe olandira. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha ndi tsiku limene linkabweralo.

Omwalirawo anali akulu anga, a Eneresi, amene ndinkangowatcha Sisi. Tinabadwira pa famu ina kufupi ndi Kadoma ku Zimbabwe, kwa makolo a ku Dedza, ndipo kuno ku London tinkakhala fulati imodzi. Iwo anali telala, ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Anadwala zaka khumi ndi chimodzi matenda amene madokotala amati multiple sclerosis, ife tinkangoti MS. Matendawa amawononga mitsempha pang'onopang'ono. Anayambira m'miyendo, kenako anafika m'manja.

Lamulungu lina, matenda atangoyamba, Sisi anadzandira popita kukapereka chopereka, ndipo wina kumbuyo ananong'ona kuti alawa. Anazimva. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso kutchalitchi, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu za matendawo. Wofunsa aliyense ndinkamuyankha kuti ali kuntchito. Ndinanama chaka choyamba chifukwa chowamvera, zaka zotsatirazo ndinkanama chifukwa ndinali nditazolowera. Pamene mtima wawo unakhala pansi n'kufuna kubwerera, anali kale pa wilutcheya, ndipo tchalitchi chathu chili pamwamba pa golosale, masitepe okhaokha.

Anthu athu amakhululuka zambiri, koma kujomba kumaliro sakhululuka. Maliro a ku Croydon Sisi kunalibe, a ku Thamesmead kunalibe, zaka ndi zaka. Anthu anagamula kuti a Eneresi asanduka mzungu. Ndiye siwa ija sinali ngozi, anali kutibwezera.

Sisi ankadziwa zimenezi. Mwezi wawo womaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, usadzalole andikwirire ndi machine ngati paipi ya madzi. Ndikufuna manja a anthu. Ndipo udzawerenge obwera, udzandiuze."

Kunotu kumanda anthu amangoponya kadothi n'kumapita, kenako chimakina chimabwera kudzamaliza. Ukafuna kukwirira ndi manja umapemphiratu, iwo amakubwereka mafosholo, anthu umabwera nawo wekha. Ine ndinapempha mafosholo asanu ndi limodzi. Bambo woyang'anira manda anandichenjeza kuti dothi la kumeneko ndi lamakande, lolemera likanyowa, ndipo geti amatseka folo koloko. Tikalephera, makina amaliza. Anandifunsa ngati tili ndi amuna okwanira, ine ndinati tilipo ambiri. Amuna amene ndinali nawo anali amalume a maondo otupa ndi abusa a msana wovuta.

Sikisi koloko tinali kale ku holo yomwe tinabwereka, poti bokosi silikanakwera masitepe a tchalitchi chathu. Tinayatsa mbaula zitatu za gasi pabwalo lakumbuyo, pansi pa lona. Kunali mvula yowaza ya mu Febuluwale, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Tinatereka mpunga, nkhuku ndi nyemba za anthu makumi atatu. Akazi a amalume anayang'ana mapotowo n'kunena kuti ndili ndi chikhulupiriro choposa cha abusa.

Cha m'ma naini ndinamva phokoso kugeti. Amayi awiri ankalowa atanyamulizana chimphika chokulunga m'mataulo, pambuyo pawo ena ambiri, onse akuyankhula Chisipanishi. Kutsogolo kunali munthu mmodzi yekha amene ndinkamudziwa, mayi wa OT.

Mayi ameneyu ndi wa ku Colombia. Ntchito yake, imene kuchipatala amaifupikitsa kuti OT, ndi yophunzitsa odwala kuchitanso zinthu za tsiku ndi tsiku ndi thupi limene latsala. Atabwera koyamba kwathu, Sisi anali atatha zaka ziwiri osatuluka panja, makatani otseka, osasamba pokhapokha nditawakalipira. Mayiyo sanawalalikire. Anabweretsa kambedza komangira mabatani, mpeni wa chigwiriro chonenepa, ndi mpando wautali woti aziphika atakhala. Anawaphunzitsa kugawa mphamvu: akasamba m'mawa, kuphika kudikire masana. Tsiku limene Sisi anadulanso anyezi okha analira, n'kumanamizira anyeziwo.

Mayi yemweyo ankathandiza gulu lina Lachitatu lililonse, la anthu ochokera ku Colombia, Ecuador ndi Bolivia amene maganizo anawapsinja. Ena ankadikira mapepala okhalira m'dziko muno zaka zambiri, ena anasiya ana kwawo, ena sankagona. Kuchipatala ankalephera kufotokoza za mumtima m'Chingerezi, ndiye ankakumana kumacheza m'chinenero chawo, pali mlangizi. Gululo linali ndi makina osokera awiri opanda wowadziwa. Mayi wa OT anauza Sisi kuti manja akana, koma maso ndi pakamwa zikadali za telala. Sisi anapita kamodzi mokakamizidwa, kenako anapita zaka zisanu ndi ziwiri.

Apa ndiye pali kupusa kwanga. Lachitatu lililonse ndinkakankha wilutcheya mpaka pakhomo la gululo n'kuthamangira basi ya kuntchito. Sindinalowepo ngakhale kamodzi. M'mutu mwanga kumeneko kunali kuchipatala, osati kwa anthu athu. Sisi atamwalira ndinaimbira a ku Croydon, a ku Thamesmead, a ku Kadoma ndi a ku Dedza. Mayi wa OT ndinangomulembera uthenga woti atumize anthu adzatenge bedi ndi zipangizo zawo. Anayankha ndi funso limodzi, loti maliro ndi liti.

Ku holo kuja alendowo anapitiriza kufika. Ambiri ankachokera kuntchito yokolopa m'maofesi a m'tauni, atatsika sitima yapansi panthaka ya Victoria ali ndi majuzi a kuntchito, maso ofiira ndi tulo. Aliyense ankandikumbatira ngati wandidziwa kalekale. Gogo wina anandionetsa msoko wa siketi yake n'kugwedeza chala monga ankachitira Sisi, akunena m'Chichewa cholumaluma kuti, "Phwasula, phwasula, yambanso!" Ndinaseka misozi ikutsika. Ndinayamba kuwerenga monga ndinalonjezera, ndinafika makumi anayi, kenako wina anakuwa kuti mpunga ukupserera.

Mwambo unayamba teni koloko. Mbiri ya womwalira inali yoti ndiwerenge ine, ndipo papepala amalume anali atalemba monga timalembera nthawi zonse, kuti amwalira atadwala nthawi yochepa. Nditafika pa mzere umenewo ndinakweza maso. Kumanja kunali anthu athu, mizere iwiri yosadzaza. Kumanzere kunali alendo, ena ataimirira chifukwa mipando inatha. Alendowo ankadziwa zonse, athu sankadziwa kanthu. Ndinapinda pepala lija.

Ndinanena kuti Sisi anadwala MS zaka khumi ndi chimodzi. Ndinanena kuti tsiku lija sanaledzere, inali miyendo. Ndinanena kuti maliro aliwonse amene anajomba ankavala chitenje ndi duku n'kukhala pabalaza mpaka ola loika litadutsa, ndipo ine ndikabwerako ankandifunsa kuti anaimba nyimbo ziti. Pomaliza ndinati wonama ndinali ine, ndipo amene akufuna kukwiya akwiyire ine, osati amene ali m'bokosi. Mayi wa OT ankamasulira alendowo chapansipansi m'Chisipanishi kuchokera ku zimene abusa ankamunong'oneza m'Chingerezi.

Kenako mmodzi wa amayi anayi a siwa aja, wamkulu pa onse, anadzuka n'kutuluka foni ili m'manja. Ndinaganiza kuti wakhumudwa. Koma chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo tonse tinamumva akukalipa panja: "Siyani shift imeneyo! Muwauze kuti ndi emergency. Tamulakwira mwana wa eni, bwerani kumanda!"

Galimoto ya maliro inanyamuka itangokwana thwelofu, pang'onopang'ono, ife tikuyenda pambuyo mpaka pamsewu waukulu. Tinadutsa golosale ija ya pansi pa tchalitchi, mwini wake ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Maambulera anadzaza msewu moti basi inachita kutidikira. Pamsewu waukulu tinagawana, ena m'magalimoto, ena m'mabasi. Ndikanakonda kunena kuti dzuwa linatuluka, koma kuno ndi ku London, mvula inangowonjezera.

Chinthu choyamba chimene ndinaona kumanda chinali chimakina chija, chachikasu, chitaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, woyendetsa ali m'kati akudya buledi. Chachiwiri chinali magalimoto. Anali atandandalika mpaka kugeti, ndipo anthu ankatulukamo amene sindinawaone pakhomo pathu zaka zambiri. Anamwino ali m'mayunifolomu, oyendetsa mabasi, agogo a ku Croydon amene anabwera kuno nthawi ya mavuto a ndale kumudzi. Mayi wina anandigwira mapewa n'kulephera kuyankhula. Ndinamudziwa, ndi amene ananong'ona kutchalitchi tsiku lija. Sindinamukankhe, koma sindinamuthandizenso kupeza mawu.

Bokosi litatsika ndipo abusa atamaliza, mafosholo asanu ndi limodzi anali chigonere pa mulu wa dothi. Bambo wina wamfupi wa ku Ecuador anavula jekete, napita kwa amalume, naloza fosholo mopempha. Mayi wa OT anandinong'oneza kuti bamboyo anatha miyezi osatulutsa mawu m'gulu muja, mng'ono wake atamwalira kwawo iye osatha kupita. Sisi anamuika pambali pawo kuti azilowetsa ulusi m'singano, poti zala zawo zinkanjenjemera. Bamboyo anangonena m'Chingerezi chochepa kuti Sisi ankafuna manja ake, ndiye Lachitatu lililonse iye ankadzuka n'kupita.

Kwathu wachibale sakwirira m'bale wake, ntchitoyo ndi ya adzukulu, anthu apadera amene mumathandizana nawo pa zovuta. Amalume anayang'ana bamboyo, nayang'ana anzake amene anali atandanda kale pambuyo pake. Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Adzukulu a Eneresi ndi awa. Apatseni mpata."

Dothi loyamba linagunda bokosi, ndipo kuchokera pamenepo mafosholo sanapume. Amuna athu ataona alendo akuterereka m'matope, manyazi anawagwira, anavula masuti n'kukaima pamzere. Panali kulimbirana ndithu. Wina akangoponya kasanu, mnzake wamugwira kale paphewa. Amayi athu anayambitsa nyimbo, ndipo ulendo uno olandira analipo, nyimbo inakwera mpaka khungu kuchita tsembwe. Itatha, alendo anayambitsa yawo, ife tikung'ung'udza pambuyo. Kenako gogo wa siketi uja analanda fosholo kwa mnyamata wa kwawo. Akazi a amalume anadzidzimuka: "Ee, akazinso?" Pasanathe mphindi zisanu ndinawaona iwo omwe atakwinya chitenje, fosholo ili m'manja. Inenso ndinatenga yanga, ndipo amalume anapeza chinthu china choyang'ana kumitengo.

Kota pasiti fili mtumbira unali utaima, wosalazidwa bwino ndi kumbuyo kwa mafosholo, nkhata zili pamwamba. Tonse tinali matope mpaka m'maondo. Ndipo tinamva chimakina chija chikulira. Anthu onse anatembenuka. Woyendetsayo anachibweza m'mbuyo, anatikwezera dzanja, napita nacho kosungira osakhudza ngakhale kadothi kamodzi. Kumaliro saimba nthungululu, koma ine inali pakhosi penipeni. Ndinakondwa, pamanda a akulu anga, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ku holo chakudya cha anthu makumi atatu chinatha mzere usanafike pakati. Chimphika cha alendo chija ndicho chinatipulumutsa, msuzi wa nkhuku wa chinangwa ndi chimanga chodula zidutswa, ndipo agogo a ku Croydon amene amakayikira chakudya cha aliyense anapita kachiwiri. Abusa analengeza okha, popanda wowafunsa, kuti ayamba kufunafuna malo opempherera opanda masitepe. Potsanzika, mayi wa OT anandiuza kuti zipangizo zisandithamangitse, adzatenga ndikakonzeka. Anawonjeza kuti Lachitatu khomo limakhala lotsegula, ndipo si la odziwa Chisipanishi okha.

Ndinafika kunyumba kutangoyamba kuda. Amalume ndi akazi awo anali atabwerera ku Croydon, amayi a kutchalitchi anati abwera m'mawa. Ndinavula nsapato zamatope pakhomo. M'nyumba munali zii, firiji yokha ikulira. Wilutcheya inali pakona itapindidwa, kambedza ka mabatani kali pa tebulo pomwe anakasiya. Ndinalowa kukhitchini n'kukhala pa mpando wautali uja, koyamba chiubweretsereni. Manja anga anali ndi matuza awiri.

Ndinali ndi lipoti loti ndipereke, ndiye ndinalipereka mokweza, monga ndinkachitira ndikabwera kumaliro a ena.

"Sisi, machine sinakukhudzeni. Koma zowerenga zija mundikhululukire. Ndinalekezera pa fote, anthu anandichulukira."