Nyenyezi ya mchira inandipeza ndili pa eda

Ine ndinaiona, ee ndinaiona, ndi maso anga awiriwa! Koma mmene ndinaionera, imvani.

Bambo a ana anga anamwalira mvula itangoyamba, kwathu ku Makanjira. Ife Asilamu mwamuna akamwalira mkazi amakhala pa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi uli m'nyumba, osadzola, osayenda, osapita ngakhale ku msika. Ashehe ananena kuti pabwalo la nyumba yanga ndikhoza kukhalapo. Koma alamu anga, achemwali a malemuwo, anabwera ndi mphasa yawo nkuyala pakhomo penipeni, nkuika lamulo lawolawo.

"Ashehe anena zawo," anatero. "Kwathu namfedwa saona kunja. Mukafuna kubafa, nsalu kumutu, maso pansi."

Bafa linali kuseri, mbali yotulukira dzuwa. Ndinkapita ngati mbuzi yokokedwa, ndinkabwera ngati mbuzi yokokedwa. Zala za kumapazi kwanga ndinazidziwa bwino chaka chimenecho, chilichonse ndi chikhadabo chake. Kazenera kanali kamodzi, alamu anakatseka ndi thumba la feteleza. Ine munthu wa phokoso, woyanika usipa ndikuimba, ndinangokhala phee, kumvera mbewa zikuthamanga m'denga.

Ndiye tsiku lina anthu akutuluka ku swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litangolowa, ndinamva mudzi wonse wokowoko. Ana kuthamanga, akulu kuitanana. Ati kumwamba, mbali ya kunyanja, kwatuluka nyenyezi ya mchira. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mchira wake ati ngati tsache, wina ati ngati utsi wa sitima.

"Alamu, ndingosuzumira pang'ono."

"Nyenyezi ya tsoka imeneyo. Mwaika m'manda mwamuna, mukufuna muike ndani wina?"

Ndinalira, osati kulira malemu, Mulungu andikhululukire. Ndinalira nyenyezi.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi kunabwera mwana wanga wamkazi, amene ankachapa nsalu pa loji ina ku Chembe. Anawoloka pa boti. Titakhala awiri kuchipinda anandinong'oneza kuti pa lojipo pali mlendo wa ku Jeremani, ali ndi chimpaipi cha magalasi, ndipo antchito onse anawaonetsa nyenyeziyo.

"Amayi, akuti si ya tsoka ayi. Ikungodutsa. Masiku ochepa izilala, ndipo ife tonse tidzafa isanabwerenso."

"Iyeyo wadziwa bwanji?"

"Akuti kwawo kunali mkulu wina, ntchito yake inali yomweyo. Moyo wake wonse ali m'nyumba pamwamba pa phiri, kujambula kumwamba, mawa kujambulanso, nkumayerekeza kuti kadontho kati kasuntha. Anapeza za michira zotere, anapezanso miyala yambirimbiri yoyendayenda kumwambako."

Dzina lake anatchula, koma linandikana lilime.

"Moyo wonse m'nyumba? Anamufera ndani?"

Mwana wanga anaseka mpaka kudzitseka pakamwa ndi chitenje. "Palibe, amayi. Koma akuti denga la nyumba yakeyo linkatseguka."

Denga lotseguka! Mwana anakwera boti nkubwerera ku ntchito, mawu aja anatsala ndi ine. Ndagona, denga. Ndadzuka, denga. Munthu wa ku Jeremani anakhala m'nyumba osaphwanya lamulo la wina aliyense, nyenyezi nkumamupeza momwemo. Nanga ine langali ndi la chitsulo? Si udzu womwe ndinamweta ndekha?

Alamu atapita kukatunga madzi ndinagubuduza mtondo, ndinaugadabuza, ndinakwerapo ndi mthiko m'manja. Ndinaboola pamwamba penipeni. Madzulo ndinayang'ana: tinyenyezi wamba titatu, basi. Ya mchira inali m'munsi, cha kunyanja, ine ndaboola pa liwombo! Usiku womwewo mvula inagwa, madzi onse pa thumba la ufa.

"Denga ili latani?"

"Mbewa, alamu."

"Mbewa za kuno zili ndi mphamvu."

Masiku awiri kunja kunali mitambo yokhayokha. Ndinkamva ana akudandaula kuti ikasuzumira m'mitambomo ikuoneka kuti yayamba kuchepa, mchira wafupika. Tsiku lachitatu kunayera. Alamu atayala mkeka wawo wa swala pakhonde, ine ndinakokera mtondo ku khoma la kunyanja, pamene denga limatsikira, nkuyamba kufukula udzu ndi manja. Fumbi m'maso, mwaye m'kamwa, mtondo uli gwedegwede.

"Mbewa ija ndi imeneyi?"

Alamu anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinauma. Kutsika ndinalephera, kupepesa ndinalephera.

"Pakhomo sindinatuluke, alamu. Mapazi anga ali m'nyumba."

Kenako ndinamva manja awo atagwira akakolo anga, gwa.

"Mukathyoka mwendo pamenepo ndikawauza chiyani ashehe? Fulumirani."

Ndinalowetsa nkhope m'bowo. Mayo ine! Inalipo. Yotuwa, yaing'ono kuposa mmene ankaikokomezera, mchira wake utapendekera m'mwamba ngati ufa wouluzika pa lichero. Inali yokha, sinkaopseza munthu. Ndinafuna kululutira koma namfedwa salulutira, ndiye nthungululu ndinaimezera m'mimba, inandivinira momwemo.

"Mwaiona?"

"Ndaiona! Kwerani nanunso."

"Ine ayi. Tsikani."

M'mawa anaitana mwamuna wawo, anafolera mabowo onse awiri, mtondo anautulutsa nkuusiya kwa aneba. Thumba la pa zenera analimanganso ndi luzi watsopano. Za nyenyezi sanazitchulenso, ngakhale kwa munthu mmodzi. Ine ndinabwerera pa mphasa yanga, ndinakhala mumdima muja miyezi ina iwiri ndi masabata, nsalu kumutu, maso pansi, ndikuimba chamumtima.