Pomwe Ankachedwa Kutsika

Ku koleji anatiphunzitsa ntchito ina imene ndinaikonda kuposa zonse. Mphunzitsi ankatipatsa nyimbo yakale, ya manoti ataliatali oyenda pang'onopang'ono, n'kutiletsa kuisintha. Ife tinkapeka mawu ena pamwamba pake, oyenda mwaufulu: yapansi ikakwera, apamwamba atsike, ikaima, iwo ayendeyende. Ine ndinkaona ngati nyemba zoyanga paphesi la chimanga.

Nditayamba kuphunzitsa ku Chipata, ndinapekera mkazi wanga mawu otere pamwamba pa nyimbo ina ya m'buku imene timaimba kumpingo kwathu ku Madzimoyo. Kwaya sindinaipatse. Tinkaimba awiri Loweruka masana, iye akusita, ine nditagwira nyimbo yapansi. Panali malo amodzi, pa liwu lakuti "mpumulo", pomwe ine ndinkasuntha, iye n'kutsalira pa noti yake. Mawu athu ankakhulana kamphindi, kenako iye n'kutsika, zonse n'kukhala m'malo. Ndinapeka kuti azichedwa pang'ono. Iye ankachedwa dala, akundiyang'ana, mpaka ine mpweya kundithera.

Anamwalira tisanakhalitse m'banja.

Pokonzekera mwambo woonetsa chiliza chake, kwaya inasankha nyimbo yomweyo. Tikuyeserera m'tchalitchi, ndinamva mawu apamwamba aja akutuluka pakati pa azimayi. Anali mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu. Anawaimba onse, ndi kuchedwa kuja komwe.

Titatuluka ndinamufunsa, "Alamu, mawu amenewa munawatenga kuti?"

"Kwa eniake," anatero. "Tikamaswa mtedza kwa amayi ku Kasenengwa, akulu anga ankati ndigwire yapansi, iwo azikwera. Ankati, 'Alamu akowo mpweya ndi wochepa, iwe ndiye umapirira.'" Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi chitenje.

Ine sindinaseke. Ndinkadziwa kuti mkazi wanga anali ndi abale, anzake, ndi ubwana umene sindinauone. Koma pansi pa mawu aja ndinkayesa kuti panaima ine ndekha. Chikhalirecho panali masana ena amene iye ankawaimba ine ndili m'kalasi, ndikulemba pabolodi. Mlamu ankadziwa mmene amamvekera panja, pamthunzi. Ine ndinkangowadziwa m'nyumba.

"Pa chiliza musadzaimbe amenewo," ndinatero. "Ndikupekerani ena."

"A! Alamu, nsanje mpaka panyimbo?"

"Enawo adzakuyenerani bwino."

Sabata imeneyo ana akaweruka ndinkatsalira pa kiyibodi ya kusukulu. Pomwe mawu a mkazi wanga ankakwera, ndinatsitsa. Pomwe ankathamanga, ndinaimitsa. Zinayenda mpaka pa "mpumulo". Apo nyimbo yapansi inandikanira. Noti iliyonse imene ndinayesa inkangolondola yapansi ngati mwana wogwira chitenje cha amake, kapena inkalumpha patali moti munthu sangaimbe. Yoyenera inali imodzi, ya iye ija. Mapeto ake ndinasiya mpata, kuti pa liwu limenelo wapamwamba akhale chete, ayambirenso patsogolo.

Mlamu anaphunzira osadandaula. Anangofunsa, "Apa ndipume?"

"Pumani," ndinatero.

Tsiku la mwambo kumanda kunali mphepo ndi fumbi. Apongozi anga, amake a malemu, anakhala pamphasa pafupi ndi chiliza chophimbidwa ndi nsalu yoyera. Ine ndinaima ndi azibambo, titagwira nyimbo yapansi. Mlamu anaimba mawu atsopano bwinobwino, osalakwitsa. Tinafika pa "mpumulo". Ndinasuntha, iye anakhala chete monga ndinamuuzira, ndipo pamwamba panga panalibe kanthu. Ndinagwira noti yanga, kudikira kuti wina atsike. Kwaya inapitirira ine ndikadali pomwepo, mpaka bambo wa pambali panga anandigunda ndi chigongono.

Mawu a mkazi wanga aja ndinawasunga. Palibe anawamva pamanda.

Pobwerera, mlamu ndi apongozi anali patsogolo panga m'kanjira ka pakati pa minda. Ndinamva mlamu akuyamba mawu akale aja chapansipansi, ndipo apongozi anagwira nyimbo yapansi osauzidwa. Iwonso ankaidziwa. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinangofulumiza mapazi kuti ndimve ngati achedwe monga ankachedwera mkazi wanga.

Anachedwa ndithu, ndipo apongozi mpweya sunawathere.