Masamba Panjira ya a Namakhwa

A Goodson Namakhwa anakalambira pachishalo cha njinga. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anali mesenjala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kunyamula makalata kuchokera ku ofesi yaikulu kupita kwa akapitawo, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni. Palibe kamsewu ka m'minda ya tiyi komwe sanagwepo ngakhale kamodzi. Mafoni atalowa m'thumba la kapitawo aliyense, ntchito ya umesenjala inangotha yokha popanda wolakwa. Anabwerera kwawo cha ku Khonjeni ndi njinga yawo yakuda, yolemera ngati thumba la feteleza, nayamba kulima chimanga ndi nandolo. Akazi awo, a Teleza, amati bambowo anapumadi pantchito, koma miyendo yawo palibe anaiuza.

Anthu a njinga zopyapyala anakumana nawo zaka zisanu zapitazo. Linali Lamulungu m'mawa, ndipo pamphambano ina pakati pa tiyi panaima gulu la anthu a ku Blantyre, aliyense maso pafoni. Tiyi kwa mlendo ndi wofanana yenseyense, ndipo foni sidziwa kuti mlatho wakutiwakuti unapita ndi madzi. Anthu ena onse anali kutchalitchi. A Namakhwa ndi a Seventh-day, Sabata lawo anali atasunga dzulo lake, choncho ndiwo okha amene ankadutsa pamsewupo. Mtsogoleri wa gululo, mayi wina dzina lake Mildred, anawafunsa njira. Iwo anaona kuti kulongosola ndi pakamwa nkutaya nthawi, anangoti awatsate.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ndi lawo. Alendowo amawasangalatsa, ngakhale sanasiye kuwadabwa. Zovala zawo ndi zothina moti munthu amayang'ana kumbali powapatsa moni. Nsapato zawo zili ndi tizitsulo kunsi, zokola pa mapedulo, ndipo akatsika amayenda motsimphina. Koma chimene a Namakhwa sanachimvetse mpaka lero ndi njinga yopanda kaliyala. Munthu nkupalasa makilomita makumi anayi, kutuluka thukuta lonselo, nkufika kunyumba wopanda ngakhale mtolo wa nkhuni!

Njira imene gululo limaikonda anaikonza okha, chidutswa ndi chidutswa. Imayambira kuseri kwa fakitale, nkukwera chitunda cha miyala pakati pa mabulugamu, nkuzungulira damu, kenako nkutsetsereka kulowa m'nkhalango yotsala ya mitengo yachilengedwe, momwe mumazizira ngakhale masana a Okutobala. Koma pakati pa malire a esiteti ndi nkhalangoyo pali mudzi wa kwa Nampinga, ndipo kanjira kolumikiza mbali ziwirizi kamadutsa m'mphepete mwa munda ndi pakhomo pa a Crispin. Popanda kanjira kameneko, munthu ayenera kutulukira kutala nkumalimbana ndi mathiraki ndi maminibasi makilomita khumi, ndipo kukoma konse kwa ulendowo kwathera pomwepo.

A Crispin anali mnzawo wakalekale, yemwe ankasonkheza moto woumitsira tiyi kufakitale. A Namakhwa atawapempha kuti gululo lizidutsa pamenepo, iwo anavomera msanga, koma kuvomera kwawo kunalibe mphamvu. Anali mkamwini pamudzipo, ndipo munda ndi kanjirako zinali za akazi awo, a Lestina, mayi wosaseka ndi zinthu zachibwana. A Namakhwa anapitako katatu. Ulendo wachitatu a Lestina anawayang'ana nthawi yaitali, nkunena kuti alola chifukwa cha nkhope yawo, osati ya alendowo.

"Koma alamu, tsiku limene anthu anuwa adzachite chipongwe pamudzi pano, ndidzabzala chinangwa m'njiramo tsiku lomwelo."

A Namakhwa analonjeza kuti anthu awo ndi aulemu, ngakhale panthawiyo mayina a ena sankawadziwa nkomwe.

Nchifukwa chake ulendo uliwonse usanayambe ankawaimika kaye nkuwauza zomwezomwezo. Mukakumana ndi munthu, moni. Nkhuku ili ndi mwini wake. Mwana wa eni sajambulidwa popanda kupempha. Ndipo mukaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, pamudzipo pali maliro: tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Dixon, bambo wamphamvu kuposa onse m'gululo, anautcha ulaliki wa a Namakhwa, ndipo ankavomereza kuti ameni asanamalize. Dixon anali ndi wotchi yowerenga liwiro, ndipo mtsetse wa kwa Nampinga unali wake. Mwezi uliwonse ankafuna kuutsika mofulumira kuposa mwezi wathawo, kuti akaonetse anzake pafoni.

Lamulungu loyamba la Julayi chaka chatha, chiperoni chinachoka mochedwa. Gululo linanyamuka anthu khumi ndi awiri, a Namakhwa ali kumbuyo monga mwa nthawi zonse, ndi pampu, zigamba ndi guluu m'kachikwama, kuti athandize woboola tayala. Tsiku limenelo anathandizadi mmodzi, ndipo anatsalira kwambiri. Atafika pachipata chakumtunda cha esiteti, mlonda anawakodola, nawafunsa m'Chilomwe ngati amva za kwa Nampinga. A Crispin anali atatisiya mbandakucha, ndipo masamba anali atayalidwa kale.

A Namakhwa anatsika panjinga. Chisoni chinawagwira, pakuti Lachitatu lomwelo anali atakhala ndi mnzawoyo pakhonde akudya nzimbe. Koma chisonicho chisanakhazikike, mantha anabwera pamwamba pake. Otsogola anali atadutsa pachipatapo kalekale, Dixon ali patsogolo, ndipo pakhomo pa a Crispin ndi pamene mtsetse umakoma. Anaona m'maganizo mwawo njinga zikudutsa pasiwa ngati mphepo, miyala ikuthethekera azimayi olira, a Lestina akuyang'ana. Anaimbira Mildred, foni inangoitana m'thumba lakumsana. Anaimbira Dixon, osapezeka.

Pamenepo mesenjala wakale anadzuka mwa iwo. Msewu umazungulira damu, koma othyola tiyi ali ndi tinjira tawo tolunjika, todula pakati pa minda. Anasenza njinga paphewa nalowa m'tiyi wonyowa wofika m'chiuno, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi. Anaterereka kawiri. Pomwe panali poyera ankakwera nkupalasa, pomwe panali ngalande ankasenzanso. Njira yonse ankadzidzudzula kuti anapereka mawu awo m'malo mwa anthu omwe sanakule nawo.

Anatulukira pamwamba pa mudzi, ndipo anadziwa nthawi yomweyo kuti achedwa. Dothi lofiira linali lodzaza ndi mikwasa ya matayala opyapyala. Masamba a mango anali pamenepo, atayalidwa modutsa njira.

A Namakhwa amawerenga dothi monga ena amawerengera nyuzipepala. Anawerama. Matayala ambiri anathera pamasamba pomwepo, ndipo kuchokera apo panayamba timabowo ta nsapato za tizitsulo, pambali pa mzere wa tayala. Koma tayala limodzi linaponda masambawo lili paliwiro. Analitsatira mtima uli m'mwamba. Patangopita mapazi makumi awiri linakhwekhwereza dothi, pomwe mabuleki anagwidwa mwamphamvu. Kenako timabowo tija tinabwerera m'mbuyo mpaka pamasamba, pomwe nthambi yosunthidwa inali itabwezeredwa pamalo pake.

Anakankha njinga yawo kutsika, chipewa chili m'manja. Njinga zopyapyala anazipeza zitatsamira pa nkhokwe ndi pa mitengo ya mapeyala. Eni ake sanangodutsa wapansi monga anawaphunzitsira. Anali atakhala pansi. Azimayi a gululo anali pakati pa azimayi apamudzi, atabwerekedwa zitenje zobisa zothina zija, ndipo Mildred anali kuimba nawo nyimbo yamaliro yomwe mwina anaisiya ali mwana. Azibambo anali pa zipika pansi pa mtengo, zipewa zolimba zili pamawondo. Dixon anakhala kumapeto, maso pansi. Wotchi yake inalira kamodzi, iye anaiphimba ndi dzanja, kenako anaivula nkuiika m'thumba.

A Namakhwa anakhala pambali pake. Dixon ananong'ona kuti masambawo anawaona mochedwa, ndipo anapepesa. Anawonjezera kuti ankawadziwa malemuwo, ngakhale dzina analimva tsiku lomwelo: ndi agogo aja ankaima pakhonde mwezi uliwonse nkumamukuwira kuti palasa, akukupeza. Misozi imene a Namakhwa anaisunga kuyambira pachipata paja inatuluka, ndipo sanaibise.

Patapita nthawi anaitanidwa m'nyumba kukapepesa. A Lestina anali pamphasa pakati pa abale awo, mawu atasasa. A Namakhwa anagwada chapatali napepesa za imfayo, kenako anayamba kupepesanso za tayala lija, poti ankadziwa kuti pamudzi palibe chobisika. Mayiwo anawadula.

"Ndamva kale, alamu. Wina anaphonya, nkubwerera yekha. Malemu anzanuwo Lamulungu la njinga ankadzuka msanga, kusesa njirayo ndi manja awo, ine nkumawanena kuti akusesera anthu osawadziwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Musaisiye imere udzu."

Tsiku limenelo palibe anamaliza ulendo. Alendowo anakhala mpaka dzuwa litapendeka, nakankha njinga zawo kudutsa masamba a kumunsi, nsapato zikugogoda pamiyala, nkukwera atafika m'nkhalango. A Namakhwa anatsala pamaliro mpaka mawa lake, pamene anaperekeza mnzawo kumanda.

Mpaka lero ulaliki uja amaupereka ulendo uliwonse usanayambe, ndipo Dixon amavomerezabe ameni, koma masiku ano amadikira kuti amalize. Lachisanu lililonse lotsogolera Lamulungu la njinga, dzuwa lisanalowe ndi Sabata lisanayambe, a Namakhwa amamangirira tsache pakaliyala nkupita kwa Nampinga kukasesa kanjira kaja. Kawiri konse apeza a Lestina atasesa kale.