Mpheta za Pansi pa Malata

Titasamuka ku Utale kubwera m'tauni ya Balaka, tinapeza nyumba ya lendi kufupi ndi njanji. Pakati pa khoma ndi malata panali mpata woti dzanja n'kulowa, ndipo mpheta zinamangamo zisa mbali zonse. M'mawa ndikamakonzekera kupita kokaphunzitsa, zinkatera pakhomo kudzatola madeya osandiopa n'komwe.

Nyengo yotentha, mvula isanagwe, eni nyumba anafika ndi mmisiri komanso thumba la simenti. Anati zitosi zikuwononga penti.

"Bambo, mulitu tiana mmenemo," ndinatero. "Bwanji amisiriwa adikire tianato tiyambe tauluka?"

"Iyayi mayi, amisiriwa mawa akhala ali ku Liwonde. Mbalame sisowa kopita."

Mmisiri anakwera pa diramu n'kuyamba kumata, kunja ndi mkati momwe. Zisa zimene ankazifikira ankazisolola n'kutaya pansi. Koma chisa cha pakona ya kuchipinda kwathu chinali mkati kwambiri, moti anangochitsekera momwemo.

Mawa lake pochokera kusukulu ndinamva kulira m'khoma, timawu ting'onoting'ono tosalekeza. Panja mpheta ina inali itakangamira pasimenti, kambozi kali kukamwa. Inkajompha, kuuluka, kubwereranso pomwepo.

"Tiboole pang'ono pokha," ndinawapempha amuna anga.

"Nyumba si yathu iyi," anayankha. "Akatithamangitsa tilowera kuti?"

Anakweza wailesi, koma ndinaona kuti nawonso maso awo anali pakona paja.

Masana malata ankatentha ngati chiwaya. Kulira kuja kunayamba kudukiza, kenako kunangoti zii. Posakhalitsa nyerere zinandanda mzere kukwera khoma n'kumalowa pakamng'alu kamene ife sitinkakaona n'kale lonse. Kuchipindako kunayamba kumveka kafungo, ndipo tinasamutsira mphasa pabalaza.

Eni nyumba ena a mumzere wathu ataona mmene pathu panayerera, nawonso anamata. Madeya anayamba kugonera pakhomo mpaka nkhuku za oyandikana nawo zitawapeza. M'mawa kunkacha mwachete ngati pamudzi pagwa zovuta.

Nditapita kwa achemwali anga ku Utale, ndinapemphako timiphika tawo takale tosagwiranso ntchito. Ndinatimanga ndi waya pansi pa denga la khitchini yapanja, kukamwa nditatseka ndi kathabwa koboola pakati. Mayi woyandikana nane anaima patali n'kumandiyang'ana.

"Aphunzitsi, mukuitana njoka pakhomo pano," anatero.

Dzinja lonse munangolowa mavu. Ndinkawathamangitsa ndi utsi, iwo n'kubwereranso. Chaka chino m'pamene ndinaona mpheta ziwiri zikuzungulira kamphika kakumapeto, ina itanyamula nthenga ya nkhuku. Sindinauze munthu. Ndinasiyanso kukoleza mbaula mbali imeneyo.

Mlungu wathawu ngolo inatsitsa njerwa pafupi ndi khitchini ija. Madzulo ake eni nyumba anabwera kudzaziona.

"Njerwazi n'zachiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Khitchiniyi tigumula. Apa pakhala shopu, poti n'kufupi ndi msewu."

"Liti?"

"Simenti ikangopezeka."

Atachoka ndinakwera pampando n'kusuzumira m'kamphika kaja. Munali timazira tamawangamawanga, tofunda nditatikhudza ndi chala. Mpheta yaikazi inali pamulu wa njerwa, ikundiyang'ana.