Makadi a Basi ya Sukulu

Kuseri kwa shopu ya telala kuli kachipinda kosindikiziramo makadi ndi timabuku. M'menemo ndi mmene Kadiso wagwiramo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi abwana ake, chifukwa chilembo chikasowa pa tsamba, woyamba kuona amakhala iyeyo. Sukulu sanapite nayo patali. Analowa ngati wosesa, kenako wopinda mapepala, mpaka anadzakhala pa kompyuta. Ndi munthu wamanyazi. Akafuna kulankhula amayamba wakhosomola kaye.

Chaka chino sukulu ina inabweretsa ntchito ya makadi oti ana azikoloweka m'khosi, osonyeza pomwe basi iziwatsitsa. Mndandanda unabwera uli m'magulumagulu: pamwamba dzina la siteji, pansi pake ana otsikira pamenepo. Mlamu wa abwana, amene aliyense amangomuti Injiniya, ndiye analemba malamulo oti kompyuta izitsatira.

"Dzina la mwana liziyang'ana kumbuyo," anatero akuloza ndi kiyi wa galimoto. "Siteji yomwe liyambe kukumana nayo, ndi yake imeneyo. Basi, nkhani yatha."

Makadi anatuluka mazana awiri, okongola bwino. Kadiso akuwadula anapeza la mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu, amene amaphunzira komweko. Linalembedwa kuti Pamlatho. Chonsecho iwo amakhala kuchigayo, ndipo pakatipo pali msewu waukulu woti ngakhale akulu amawoloka akuthamanga.

Anatenga rula, n'kuyamba kukwera mndandanda uja mzere ndi mzere kuchokera pa dzina la mwanayo. Gulu la kuchigayo linalibe siteji pamwamba pake, aphunzitsi anaiwala kulemba. Kompyuta itaisowa inangopitirira kubwerera m'mbuyo, n'kukatola ya gulu lina. Ana khumi ndi anayi, onse Pamlatho.

Anaima pambali pa Injiniya kwa kanthawi, khadi lili m'manja. Anakhosomola.

"Chifuwacho kagulireni mankhwala, achemwali," anatero Injiniya osatembenuka.

"Achimwene, kompyuta yanu ikumabwereka kwa aneba."

"Ikubwereka chiyani, mchere?"

"Siteji. Ikaisowa m'nyumba mwake, ikumadumpha mpanda."

Injiniya anayang'ana pomwe panali rula. Kenako anakanda ndevu. "Apa olakwa ndi aphunzitsi, si ine. Malamulo anga agwira ntchito yake."

"Inde agwira," anatero Kadiso, maso ali pansi. "Koma wokatsika pamlathoyo ndi mwana wanga."

Telala, amene makina ake amasiya kulira paliponse pakamveka nkhani, anafuula kuseri kwa khoma: "Injiniya walephera mayeso! Bweretsani kiyiyo, tiwapatse amayiwo!"

"Inu sokani mathalauza, madala!" anayankha Injiniya.

Komabe anakoka mpando wina. "Khalani apa. Ndiye mukuti itani ikaisowa?"

"Isakatole ya eni. Ingonena kuti palibe."

Injiniya analemba choncho: dzina lizifufuza m'gulu lake lokha, likasowa siteji khadi lizituluka ndi mzere wofiira. Atayesanso, ofiira anatuluka makumi awiri. Panali gulu linanso la ana asanu ndi mmodzi lomwe ngakhale Kadiso anali asanalione. Abwana anaimbira foni kusukulu, ndipo makadi akale anakalowa m'bini.

Lolemba Kadiso anapempha kuweruka msanga, n'kukaima pachigayo. Basi inafika mochedwa pang'ono. Mwana anatsika wachitatu, nsapato imodzi ili m'manja, khadi latsopano atalitafuna kale ngodya.