Makina amphepo andiphetsa anapiye

"Kuno si ku Dedza, bambo a Tadala! Mphepo yake iti?" Anandikalipira choncho mayi akunyumba dzulo, anthu a pampopi akumva.

Abale, zavuta. Makina amphepo otchajira batire ndinakhoma padenga aja sanazungulire sabata yonse. Ndinatengera makina a achimwene kumudzi ku Dedza, amene amachita kulira paphiri paja. Koma kuno ku Chinsapo tili kudambo, mipanda ya njerwa mbali zonse.

Magetsi atazima, batire inalibe moto, babu la m'khola silinayake. Anapiye onse ndinawapeza ataunjikana pakona, atauma gwa ndi chisanu.

Mayiwo ndinawabwezera mawu oipa, chonsecho za sola anandiuza kalekale.

Lero m'mawa ndakwera padenga, ndazula makinawo. Achimwene, ndikutumizireni pa basi? Kwanuko mphepo ilipo.