Mpweya wa M'dzenje la Vinyo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakakhala kwa amalume anga, a Fulansisko, ku Kanduku, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amalumewo anagwirapo ntchito kwa Mpwitikizi wina kutsidya kwa malire, ndipo anabwerako ndi timitengo ta mphesa. Anzawo onse akulimbana ndi manachesi, iwo anayanza mphesa pathandala kuseri kwa nyumba, n'kumapanga vinyo.

Mphesa zikada tinkathyola. Ine ndinkasamba miyendo n'kuziponda m'beseni mpaka madzi ofiira kundifika m'akakolo. Amalume ankathira zonse, madzi ndi makoko omwe, m'migolo imene inkakhala m'kachipinda kokumba pansi, poti kunja kunkatentha. Pakapita masiku migolo ija inkayamba kuwira yokha, popanda moto. Ukaima pakhomo pa dzenjelo unkamva ngati muli munthu akung'ung'udza.

"Usadzatsikemo," ankatero amalume, osanena chifukwa.

Chifukwacho anthu anadzipezera okha. Nkhuku inafera m'menemo, yopanda bala. Kenako mphaka. Ndikafika kuchitsime amayi ankatsitsa mawu, koma ndinamvabe: ati a Fulansisko akuweta chinthu m'dzenjemo, ndipo sichidzakhuta nkhuku zokha.

Tsiku lina masana, amalume ali kudimba, kamwana ka mbuzi kanagweramo. Kanalira pang'ono, kenako zii. Ndinasuzumira. Kanali katagona pafupi ndi makwerero. Ndinayang'ana ngodya zonse, chilombo osachiona, migolo yokhayokha. Mtima unakhala pansi, ndipo ndinatsika.

Nditawerama kuti ndikanyamule, m'mphuno munalasa, mutu unalemera. Ndinkapuma mwamphamvu koma mpweya osakwana. Miyendo inakana, ndipo kuwala kwa pakhomo kunayamba kutalikira. Chomaliza chimene ndinamva ndi dzanja likundikoka diresi kumsana.

Ndinatsitsimuka ndili pamthunzi, amalume akundikupiza ndi chipewa. Anali atabwera kudzatenga chikwanje. Sanandimenye. Nditapeza mphamvu anayatsa koloboyi, kumumanga chingwe, n'kumutsitsira m'dzenje muja pang'onopang'ono.

"Yang'ana," anatero.

Lawi linatsika likuyaka bwinobwino. Litayandikira pansi linafupika, n'kuzima, popanda ngakhale kamphepo.

"Mphesa zikamawira zimatulutsa mpweya wolemera. Suoneka, umangodikha pansi ngati madzi. Ine ndimatsegula kaye kuti utuluke." Kenako anati, "Ndikanakuuza kale, mwana wa mlongo wanga."

Kambuzi kaja sikanadzukenso. Sabata yomweyo amalume anatulutsa migolo n'kukwirira dzenjelo.

Lero ndili ndi ana anga. Ndikawaletsa chinthu ndimawauza chifukwa chake, ngakhale nditatopa chotani. Ndinazindikira kuti mwana wongoletsedwa amapita kukafufuza ndi maso, ndipo maso akamuuza kuti palibe choopsa, amalowa.